THANDIZO LA BOMA KWA OLUMALA KU JONI: KHOMO LA NTCHITO NDI KHOMO LA KUSOWA

Zimene tinamva m'sewero

M'sewero lathu la pa wailesi tinamva nkhani ya ana atatu a mimba imodzi, amuna awiri ndi mlongo wawo. Onse atatu anapitako ku Joni, ndiye kuti ku South Africa, ndipo onse atatu lero sangathe kugwira ntchito monga kale.

Wamkulu anagwira ntchito mu mgodi wa golide nthawi ya Theba, nabwerera kumudzi mu 1988 ali ndi mphamvu zake. Tsopano akayenda pang'ono amapuma mwawefuwefu, ndipo khasu analisiya. Mng'ono wake ndi mmisiri womanga nyumba ku Johannesburg. Iye anaduka dzanja ndi makina ali pa ntchito. Mlongo wawo anakwatiwa komweko ndipo ali ndi chilolezo chokhaliratu m'dzikolo. Iyeyu sanalembedwepo ntchito ndi munthu, ankangogulitsa masamba m'mbali mwa msewu. Tsiku lina anagwa m'nyumba mwake ndi sitiroko, mbali imodzi ya thupi n'kufa ziwalo.

Nkhani inakula pamene mng'ono uja anaimba foni kumudzi. "Achimwene," anatero iye, "kuno boma limapereka ndalama kwa olumala mwezi uliwonse. Achemwali akulandira, inenso ndikulandira. Gulitsani mbuzi mubwere mudzalembetse." Mkulu uja anatsala pang'ono kugulitsa mbuzi zake zonse kuti apeze ndalama ya basi. Amene anamuletsa ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, yemwe anamufunsa kuti: "Bambo, kodi ndalama zimene abale anu akulandirazo zikuchokera m'thumba limodzi?"

Funso limeneli linautsa mapiri pachigwa m'magulu omvera wailesi. Ena anati boma ndi limodzi, thumba ndi limodzinso. Ena anati mkuluyo akakakanidwa ndiye kuti ndi tsankho basi. M'mutu uno tiyankha funso la namwino uja, chifukwa mabanja ambiri kuno kwathu ali ndi mbale amene ali ku Joni kapena amene anagwirako ntchito kale.

Makomo awiri, mafunso awiri

Boma likafuna kuthandiza munthu amene walumala, limatsegula makomo awiri. Pa khomo lililonse pali funso lake.

Pa khomo loyamba amafunsa kuti: "Munagwira ntchito kuti, ndipo munkalandira zingati?" Ndalama za pa khomo ili zimachokera ku zopereka za olemba ntchito, nthawi zina ndi za antchito omwe. Zili ngati nkhokwe imene anthu amathiramo chimanga pamene ali ndi mphamvu. Amene anathiramo, kapena amene bwana wake anayenera kumuthirira, ali ndi ufulu wotapamo, kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka.

Pa khomo lachiwiri safunsa za ntchito ayi. Amafunsa kuti: "Muli ndi chiyani m'nyumba mwanu, ndipo ndinu wa dziko lino?" Ndalama za pa khomo ili zimachokera ku misonkho ya dziko lonse. Munthu amene sanagwirepo ntchito yolembedwa chibadwire angathe kulandira, malinga ngati ali wosowadi.

Kuno ku Malawi makomo awiriwa timawadziwa kale. Chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ntchito, chimene lamulo la m'chaka cha 2000 limanena, ndi cha khomo la ntchito. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa khomo la kusowa: amayang'ana mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wowagwirira ntchito. Palibe amene amapita kwa a Mtukula Pakhomo ndi kalata ya bwana wake. Ku Joni nakonso zili chimodzimodzi, kungoti makomo ake ndi aakulupo.

KHOMO LA NTCHITO

Khomo ili lili ndi zipinda zitatu. Chipinda chimene munthu alowe chimadalira chimene chamulumaza.

1. Kuvulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito

Lamulo la m'chaka cha 1993, lodziwika ndi dzina loti COIDA, limalamula olemba ntchito kuti azipereka ndalama ku thumba la boma lotchedwa Compensation Fund. Wantchito sadulidwa kanthu pa malipiro ake chifukwa cha thumba limeneli. M'migodi ndi m'ntchito zomanga muli mabungwe awiri a inshuwalansi amene boma linawaloleza kugwira ntchito yomweyi, Rand Mutual Assurance ndi Federated Employers Mutual, koma lamulo lake ndi lomweli.

Munthu akavulala pa ntchito safunika kusonyeza kuti bwana ndiye analakwa. Chofunika n'chakuti ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito. Pobwezera ubwino umenewu, lamulo silimulola wantchito kukasumira bwana wake kukhoti pa ngozi yomweyo.

Ndalama zake zimatsata malipiro. Tiyerekeze kuti mmisiri wa m'sewero uja ankalandira R10,000 pa mwezi. Pa nthawi imene ali m'chipatala ndi pamene akuchira kunyumba, ayenera kulandira magawo 75 pa 100 alionse a malipiro ake, ndiye kuti R7,500 pa mwezi. Miyezi itatu yoyamba amapereka ndi bwana, amene pambuyo pake amakaitanitsa ku thumba lija. Amene wajomba masiku atatu okha kapena ocheperapo salandira gawo limeneli, koma ndalama za chipatala zimalipiridwa ndithu.

Bala likapola, dokotala amalemba lipoti lomaliza, ndipo kulumalako kumapatsidwa mlingo wake. Lamulo lili ndi mndandanda: kutaya diso limodzi ndi 30 peresenti, kuduka dzanja pa mfundo yolumikizira mkono ndi 50 peresenti, kuchita khungu maso onse ndi 100 peresenti. Mlingo ukakhala 30 peresenti kapena kucheperapo, munthu amalandira ndalama kamodzi kokha. Pa 30 peresenti amalandira malipiro a miyezi 15, ndiye kuti R150,000 kwa munthu wa malipiro aja. Mlingo ukaposa 30 peresenti, amalandira penshoni mwezi ndi mwezi moyo wake wonse. Mmisiri wathu, poti anaduka dzanja, penshoni yake ndi theka la R7,500, yomwe ndi R3,750 pa mwezi. Boma limaika malire a pamwamba ndi a pansi pa ndalamazi, ndipo malirewo amasintha ndi zaka.

Taonani kuti pa zonsezi palibe amene wamufunsa mmisiriyu ngati ali ndi ng'ombe kumudzi kapena ngati mkazi wake ali pa ntchito. Lamuloli silinenanso kuti wantchito akhale nzika ya South Africa. Limayang'ana ntchito.

Kwa zaka zambiri antchito a m'nyumba za anthu sanali m'lamuloli. Zinasintha mu November 2020, pamene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula mlandu umene anakasuma Sylvia Mahlangu. Mayi ake, Maria Mahlangu, anamira m'dziwe losambiramo la pa nyumba imene ankagwira ntchito mu 2012. Khoti linati kuwasiya kunja antchito a m'nyumba n'kulakwira malamulo a dziko. Nkhaniyi ndi yofunika kwa ife, popeza abale athu ambiri ku Joni amagwira ntchito za m'nyumba.

Kumbukirani kuti chipinda ichi chili ndi nthawi yake. Wovulala auze bwana wake mwamsanga. Bwana ayenera kupereka lipoti la ngozi pasanathe masiku 7. Lamulo la 1993 linaika malire a miyezi 12 kuti dandaulo likhale litaperekedwa. Musadikire kuti muone ngati bala lipole lokha.

2. Kudwala matenda osachokera ku ntchito

Nanga wantchito amene wagwa ndi sitiroko kunyumba, kapena wagundidwa ndi galimoto Lamulungu akupita kocheza? Iyeyu COIDA simukhudza, chifukwa vuto lake silinachokere ku ntchito.

Poyamba ali ndi masiku a tchuthi cha matenda amene bwana amalipira. Kwa munthu wogwira masiku 5 pa sabata, masikuwa ndi 30 pa zaka zitatu zilizonse. Akatha amenewa, pamabwera thumba la UIF. Ku thumba ili wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake mwezi uliwonse, bwana n'kuonjezerapo 1 peresenti ina. Aliyense wogwira ntchito maola 24 kapena kuposerapo pa mwezi kwa bwana mmodzi ayenera kulembetsedwa, ndipo antchito a m'nyumba analowamo kuyambira mu 2003.

Anthu ambiri amadziwa UIF ngati ndalama za munthu wochotsedwa ntchito, koma imathandizanso wodwala nthawi yaitali. Ili ndi malire awiri. Choyamba, sipereka malipiro athunthu, imapereka gawo chabe. Chachiwiri, imatha. Masiku olandira amachuluka malinga ndi nthawi imene munthu wakhala akudulidwa, ndipo saposa 365. Choncho UIF ndi mlatho woolokera, si nyumba yokhalamo. Munthu amene walumala kotheratu ndi matenda osachokera ku ntchito, UIF ikatha amayenera kukagogoda pa khomo lachiwiri.

3. Chifuwa cha ku mgodi

Chipinda chachitatu ndi cha mkulu wa m'sewero uja, ndipo pano tichedwepo, chifukwa m'midzi mwathu muli madoda ambiri onga iye.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, atalembedwa ndi Wenela. Mu April 1974 ndege yonyamula antchito inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Dr. Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu. Kulembaku kunayambiranso mu 1977, anthu ake ali ocheperapo, mpaka kunatha mu 1988. Ambiri anabwera ndi njinga, mawailesi ndi malata. Ena anabweranso ndi fumbi m'mapapo osadziwa.

Miyala ya m'migodi ya golide ikamabooledwa imatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso. Fumbili likalowa m'mapapo silitulukanso. Limapanga zipsera pang'onopang'ono, mapapo n'kuuma. Matendawa amatchedwa silikosisi. Angathe kuonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo, munthu atasiya kale ntchito. Zizindikiro zake ndi kubanika, kutsokomola kosatha ndi kutopa msanga. Alibe mankhwala ochiritsa, ndipo munthu amene ali nawo sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu cha TB. TB imachizika, koma zipsera za fumbi zimakhalabe. N'chifukwa chake ena amamaliza bwinobwino mankhwala a TB koma kubanika osatha.

Matenda a m'mapapo a anthu a m'migodi ali ndi lamulo lawolawo la m'chaka cha 1973. Eni migodi ndiwo amapereka ndalama ku thumba lake. Lamuloli limapatsa aliyense amene anagwirapo ntchito ya pa fumbi mu mgodi ufulu wopimidwa ulere zaka ziwiri zilizonse, moyo wake wonse, ngakhale anabwerera kwawo. Kupimako ndi kujambula chifuwa ndi ekisire, ndi kupumira m'kachipangizo koyeza mphamvu ya mapapo. Zotsatira zake zimapita ku ofesi ya madokotala yotchedwa MBOD ku Johannesburg, imene imagamula ngati matendawo ndi oyenera chipukuta misozi. Pali milingo iwiri, woyamba ndi wachiwiri, malinga ndi kukula kwa vuto, ndipo ndalama zake zimaperekedwa kamodzi, si penshoni.

Apa pali kusiyana kumene anthu ambiri sakudziwa. TB yokha imawerengedwa ngati inamugwira munthu ali pa ntchito, kapena pasanathe miyezi 12 atasiya. Silikosisi alibe malire otero. Motero munthu amene anachoka ku mgodi mu 1988 n'kudwala TB posachedwapa asangoti "ndinali ndi TB." Auze achipatala kuti anagwira ntchito ya pansi mu mgodi wa golide, zaka zakutizakuti, kuti poona chithunzi cha chifuwa ayang'anenso zipsera za fumbi.

Palinso thumba lina limene si la boma. Linabadwa pa mlandu umene antchito akale anasumira makampani a golide. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni, ndipo linakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizipereka ndalamazo. Limakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampani 6 amene anasaina mgwirizanowo, pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, pamodzi ndi amasiye awo. Nalonso limafunsa funso la khomo la ntchito: munagwira mu mgodi uti, ndipo liti?

KHOMO LA KUSOWA

Tsopano tione ndalama zimene mlongo uja amalandira. Izi zimaperekedwa ndi bungwe la boma la SASSA, motsata lamulo la m'chaka cha 2004, ndipo anthu kumeneko amangoti "giranti." Kuti munthu alandire giranti ya olumala ayenera kukwanitsa zinthu izi:

Akhale wa zaka zapakati pa 18 ndi 59. Akafika zaka 60 amasamukira ku giranti ya okalamba. Ana olumala kwambiri ali ndi giranti yawo, imene amalandira ndi owasamalira.

Akhale nzika ya South Africa, kapena munthu wa chilolezo chokhaliratu, kapena wothawa kwawo amene boma linamuvomereza kale. Akhalenso akukhala m'dzikolo.

Apimidwe ndi dokotala amene boma lamusankha, ndipo lipoti lake lisapitirire miyezi itatu pa tsiku lolembetsa.

Ndalama zimene amapeza ndi katundu amene ali naye zisapitirire malire amene boma limaika. Kwa munthu wa pa banja amawerengera pamodzi za mwamuna ndi za mkazi.

Asakhale wosungidwa ndi kudyetsedwa ndi boma m'malo ake, monga m'ndende.

Giranti siyang'ana malipiro akale. Ili ndi mlingo umodzi wa pamwamba kwa onse. Mu October 2024 mlingowo unali R2,190 pa mwezi, ndipo boma limauunika chaka ndi chaka. Amene ali ndi kangachepe kolowa kuchokera kwina angathe kupatsidwa yocheperapo. Amene amapeza zopitirira malire sapatsidwa konse.

Giranti ili mitundu iwiri. Yakanthawi imaperekedwa kwa miyezi yapakati pa 6 ndi 12, ikatha munthu amakalembetsanso ngati sanachire. Yokhalitsa imaperekedwa ngati dokotala waona kuti vutolo lipitirira chaka. Koma mawu oti "yokhalitsa" asakunamizeni. SASSA ili ndi mphamvu younikanso, ndipo ikapeza kuti munthu wachira kapena wayamba kupeza bwino, giranti imaimitsidwa. Imaimitsidwanso munthu akachoka m'dzikolo nthawi yaitali. Amene wakanidwa ali ndi masiku 90 ochita apilo.

Nanga mlongo uja, poti ndi Mmalawi, analowa bwanji? Kale magiranti anali a nzika zokha. Mu 2004 khoti lalikulu lija linagamula mlandu wa Khosa, umene anakasuma anthu ochokera ku Mozambique amene anathawa nkhondo n'kukhazikika ku South Africa. Khoti linati munthu wa chilolezo chokhaliratu asamanidwe giranti. Koma chigamulochi sichinatsegulire aliyense. Munthu amene ali ndi chilolezo cha ntchito chokhala ndi tsiku lothera, kapena amene analowa ngati mlendo wodzacheza, salandira giranti ya olumala, ngakhale atalumala chotani. Amalawi ambiri amene ali ku Joni ali m'gulu limeneli.

Dokotala amafunsidwa zosiyana

Pa ntchito yanga ya unamwino ndaona kuti odwala ambiri amaganiza kuti kalata ya chipatala ndi imodzi, ingagwire ntchito paliponse. Sizili choncho, chifukwa makomo awiriwa amafunsa dokotala zinthu zosiyana.

Khomo la ntchito limafuna kudziwa gwero la vuto ndi kukula kwake. Kodi bala ili linachokera ku ntchito? Kodi ndi maperesenti angati? Munthu amene wataya diso limodzi amalandira chipukuta misozi ngakhale atabwerera pa ntchito yake yomweyo.

Khomo la kusowa silisamala za gwero. Kaya munthu anabadwa choncho, kaya anagwa mu mtengo, zonse n'chimodzimodzi. Limafuna kudziwa ngati munthuyo angathe kugwira ntchito yodzipezera chakudya. Dzina la matenda palokha silikwanira. Munthu wa shuga, wa khunyu kapena wa HIV amene akumwa mankhwala ndipo ali ndi mphamvu zake angathe kukanidwa.

Apa pali msampha woopsa. Munthu amene akulandira giranti yakanthawi angayesedwe kuti asiye mankhwala pofuna kuti dokotala akamupeze akadali wofooka. Musayerekeze. Kudukiza mankhwala a TB kapena ma ARV kumachititsa kuti tizilombo tisamvenso mankhwala, ndipo mapeto ake ndi matenda ovuta kuchiza, mwinanso imfa. Ndalama ya miyezi yochepa singagule mapapo ena.

Kusiyana kwake mwachidule

Gwero la ndalama: khomo la ntchito limadalira zopereka za olemba ntchito ndi antchito. Khomo la kusowa limadalira misonkho.

Umboni wofunika: khomo la ntchito limafuna mapepala a ntchito. Khomo la kusowa limafuna chiphaso cha dzikolo ndi umboni wa zimene munthu amapeza.

Kuchuluka kwa ndalama: pa khomo la ntchito kumatsata malipiro ndi kukula kwa kulumala. Pa khomo la kusowa kumatsata mlingo wa boma ndi kusauka kwa munthu.

Chuma cha pa banja: khomo la ntchito silichiwerengera. Khomo la kusowa limachiwerengera.

Kubwerera kumudzi: ufulu wa chipukuta misozi sutha chifukwa choti munthu wabwerera ku Malawi. Giranti imatsala ku South Africa.

Munthu akamwalira: ngati wafa ndi ngozi kapena matenda a pa ntchito, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana aang'ono ali ndi gawo lawo. Giranti imathera pa mwini wake.

Kodi munthu angalandire mbali zonse ziwiri?

Zimatheka kwa munthu amene ali ndi ufulu wa pa makomo onse awiri, koma dziwani kuti ndalama za pa khomo loyamba zimawerengedwa pa khomo lachiwiri. Penshoni ya chipukuta misozi ikakhala yaikulu, giranti imachepa kapena osaperekedwa. Kubisa penshoniyo polembetsa giranti ndi mlandu, ndipo ndalama zolandira mwachinyengo amazibwezetsa.

Chodetsa nkhawa kwambiri si munthu wolandira mbali ziwiri, koma amene alibe mbali iliyonse. Taganizirani mnyamata amene ali ku Joni pa maganyu, bwana wake sanamulembetse ku UIF, alibe chilolezo chokhaliratu, ndiye wagundidwa ndi galimoto tsiku lopuma. COIDA simukhudza poti ngozi sinali ya pa ntchito. Ku UIF dzina lake kulibe. Ku SASSA khomo n'lotseka. Amene amasenza katundu yense ndi abale, amene amasonkherana kuti abwere naye kumudzi. Chakudza sichiimba ng'oma. N'chifukwa chake funso loti "Kodi bwana anandilembetsa?" liyenera kufunsidwa munthu akadali wamphamvu.

Zoyenera kuchita

Kwa amene ali pa ntchito ku Joni: funsani ngati munalembetsedwa ku UIF, ndipo onani pa kapepala ka malipiro ngati 1 peresenti ikudulidwadi. Sungani timapepala ta malipiro ndi kalata yolembedwera ntchito. Zijambuleni pa foni n'kutumiza kwa mbale wodalirika kumudzi. Mukavulala, nenani tsiku lomwelo, ndipo kuchipatala fotokozani momveka kuti mwavulala pa ntchito kuti zilembedwe choncho. Lembani maina a anzanu amene anaona ngoziyo. Bwana akakana kupereka lipoti, mungathe kukadandaula nokha ku ofesi ya zantchito. Musavomere kupatsidwa kandalama m'manja kuti nkhani ithere pompo. Musachite manyazi kufunsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa amene anagwira ntchito m'migodi: funafunani chiphaso chanu cha Wenela kapena cha Theba, nambala yanu ya ku mgodi, dzina la mgodi ndi zaka zimene munagwira. Ngati mapepala anatayika, lembani zonse zimene mukukumbukira mutu ukadali bwino, ndipo ana anu adziwe pamene mwasunga. Pitani kuchipatala mukapimitse chifuwa, makamaka ngati mwatsokomola milungu iwiri kapena kuposerapo. Sungani makadi onse a chipatala. Kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu za njira yotumizira dandaulo.

Kwa onse: kulembetsa ku SASSA, ku Compensation Fund, ku MBOD ndi ku Tshiamiso Trust n'kwaulere. Munthu akabwera m'mudzi n'kumati mumupatse ndalama kuti dzina lanu lilowe m'kaundula, kapena kuti ndalama zanu zituluke msanga, mukauze amfumu kapena apolisi.

Mmene sewero linathera

Namwino uja anamulongosolera mkuluyo kuti abale ake awiri akutapa m'nkhokwe zosiyana. Mng'ono wake akulandira penshoni ya dzanja lake, mlongo wake akulandira giranti ya kusowa kwake. Iye akanapita ku SASSA akanabwezedwa pakhomo, chifukwa sakhala m'dzikolo ndipo alibe chilolezo chokhaliratu. Khomo lake ndi la ntchito, ndipo kiyi wake anali m'sutikesi yakale pansi pa bedi, m'mene mkazi wake anasungamo chiphaso cha Theba zaka zonsezi.

Sewero linatha mkuluyo ali pa mzere wojambulitsa chifuwa, chiphaso chili m'thumba la jekete. Sitinamve ngati ndalama anazilandira, ndipo kunena zoona nkhani zotere zimatenga nthawi, zina zimatha zaka. Koma mbuzi zake zinatsala m'khola, ndipo makhololo ake anapimidwa tsiku lomwelo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'mudzi mwanu muli anthu angati amene anagwirapo ntchito m'migodi? Ndi angati mwa iwo amene anajambulitsapo chifuwa?

2. Mbale wanu ali ku Joni atavulala lero, ndani kumudzi kuno amene akudziwa dzina la bwana wake ndi kumene amagwira ntchito?

3. N'chifukwa chiyani mlongo wa m'sewero analandira giranti pamene mkulu wake sakanalandira? Kodi limeneli ndi tsankho?

4. Mungamulangize chiyani munthu amene akufuna kusiya mankhwala poopa kuti giranti yake ingathe?

5. Gulu lanu lingathandize bwanji amayi amasiye amene amuna awo anagwira ntchito m'migodi kuti asonkhanitse mapepala?